Usanamuweruze Uja wa Foni

Tiyamike mwana wanga,

Ndine bambo ako, Lufeyo Mbewe, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu. Ndakhala pa tebulo la kukhitchini kuno ku Wakefield, dzuwa likadalipo, iwe utapita ku Leeds kukabweza makiyi a nyumba imene unkachita lendi. Ukudziwa kuti cholembera ndinayamba kuchigwira ndili kale ndi ndevu, ku sukulu ya kwacha, ndiye ukaona zilembo zapendekeka usaseke. Uwerenge pang'onopang'ono monga mmene ndalembera. Ndikanangokuuza pakamwa, koma ndimakudziwa. Ndikangoti ndiyambe, umati, "Adadi, ndamva," pamene sindinafike n'komwe pa nkhani.

Mawa ukunyamuka ulendo wa ku Amereka. Eni ake atsopano a timu ija ya basiketibolo ya akazi akulemba ntchito, ndipo ntchito yako yoyamba ndi kuunika mmene mkulu wawo wakhala akusankhira osewera zaka zonsezi, kuti iwo aone ngati amusunge kapena amuchotse. Unandifotokozera ndi masipuni pa tebulo lomwe lino: kuti chaka chilichonse atsikana omaliza makoleji amaikidwa pamodzi, matimu n'kumasankha mosinthanasinthana, yomwe inachita moipa n'kuyamba, yomwe inapambana n'kutola zotsala. Unati imeneyo ndiyo dirafuti. Ndinamva bwino ndithu. Ndinamvanso kuti mkulu amene ukukamuunikayo ndi yemwe uja sititchula dzina lake m'nyumba muno, amene timangoti Uja wa Foni.

Ndikukumbutse, osati chifukwa waiwala, koma kuti uone kuti nanenso sindinaiwale. Uli chaka chomaliza ku koleji ku Amerekako, munthu ameneyu anakuimbira yekha n'kunena kuti tsiku losankha foni yako ikhale pafupi, akukufuna. Tsiku linafika, nthawi yake itakwana anatchula dzina la mtsikana wina. Iwe palibe timu inakutenga. Sanaimbenso, ngakhale kungoti pepa.

Lamulungu lapitali tikudya, amayi ako anakufunsa kuti, "Kodi mabwana akowo akudziwa zimene munthuyu anakuchita?" Iwe unati, "Sanandifunse." Amayi ako anati, "Nanga iwe pakamwa ulibe?" Unaseka, kuseka kumene sindinakukonde, n'kunena kuti, "Amama, ndikanena andilanda ntchitoyo. Ndadikira nthawi yaitali kuti ndimuone nkhope." Ine ndinangopitiriza kudya, ndipo unayesa kuti khutu langa lija latsekanso. Ndinamva zonse, Nambewe. Nchifukwa chake ndakhala pansi.

Mawu anga ndi amodzi, ndipo ndiwabwereza mpaka utope nane. Ukafika, usanatsegule kanema kapena pepala lililonse la munthu ameneyu, ukawauze mabwana ako za foni ija.

Tamvera za Fanuwelo. Ndili mnyamata ndinkayendetsa ngolo pa esiteti ya fodya ku Mchinji, ukudziwa zimenezo. Ng'ombe zokoka ngolo ankagula ndi kapitawo wathu, a Zakeyo. Iwowa kugula kwawo kunali koipa, tisabise. Ankapita kwa apongozi awo n'kubwera ndi ng'ombe zotha mano, zina zotsimphina, n'kumauza mwini esiteti kuti msika wonse panalibe zoposa zimenezi. Ife oyendetsa tinkadziwa, poti ndife tinkazidzutsa ndi michira zikagona m'matope. Mwini esiteti atatopa anaitanitsa mlangizi wa ziweto, mnyamata wophunzira bwino, Fanuwelo. Anagwira ntchito yake mosamala mnyamata ameneyo. Ng'ombe iliyonse anaiyasamulitsa, anainyamula ziboda, anatifunsa ife mmodzimmodzi. Zimene anapeza zinali zoona zokhazokha. Tinasonkhana pa chigafa, iye n'kufotokoza, ife mitima ili m'malo kuti lero tapuma. Atamaliza, a Zakeyo anaimirira, n'kuvula chipewa mwaulemu. Anati, "Bwana, ine za mano a ng'ombe mwanayu angandipose, anapita kusukulu. Koma mumufunse kuti ndani anabwera kwathu ndi amalume ake kudzafunsira mwana wanga Esinati, n'kubwerera opanda mawu." Anthu anafa nacho chiseko. Mwini esiteti anatembenuka n'kufunsa kuti, "Ndi zoona?" Fanuwelo anati, "Ndi zoona bwana, koma..." Koma wakeyo palibe anamumva. A Zakeyo anapitiriza kugula ng'ombe kwa apongozi awo, ife tinapitiriza kukoka michira, ndipo Fanuwelo dera lonse linkangomutchula kuti mkamwini wa a Zakeyo mpaka anapempha kuti amusamutse. Ndimamuganizira mpaka lero. Akanangoti pofika pomwe, "Bwana, dziwani kuti munthu ameneyu anandikaniza mwana wake, kaya mundilola ndione ng'ombezi kaya muitane wina," a Zakeyo akanaimirira ndi chiyani m'manja?

Uja wa Foni akukumbukira, Tiya. Usadzinamize kuti anaimbira atsikana ambiri ndiye iwe anakuiwala. Munthu ntchito yake ikafika pa moto amakumbukira chilichonse chimene chingamupulumutse. Akadzaona dzina lako pansi pa lipoti lomuchotsa, adzavula chipewa ngati a Zakeyo. Ndiye ukawauze iweyo, iye asanawauze.

Tsopano tinene kuti wawauza ndipo akuti pitiriza. Pamenepo ndili ndi zina zoti ndikupatse, zochokera ku ng'ombe zomwezo, poti za mpira wanuwo ine ndimangodziwa kuwomba m'manja ena akawomba. Pamene sizikugwirizana ndi ntchito yako uzisiye, iwe ndiye unaphunzira.

A Zakeyo atakalamba, anayamba kutuma ine ku msika. Ulendo wanga woyamba ndinapeza mfule wofiira, wa linunda lalikulu, chifuwa ngati chitseko. Anthu onse ogula anaunjikana pa iye. Mkulu wina wa esiteti yoyandikana nayo, a Binwelo, tinalimbirana mpaka anandinena kuti ndine mwana wopanda mwambo. Ndinamutenga ine. Ndinamutcha Kaputeni, ndipo pobwerera ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano. Kaputeni ameneyo titamumanga m'goli anayenda pang'ono n'kugona. Kumukwapula, ayi. Kumunyengerera ndi mchere, ayi. Akaona goli ankangopinda maondo ngati wafika pa mapemphero. Tsono umve zimene anthu ananena. Aliyense anali ataona kale. Uyu akuti maso ake ankaoneka aulesi, uyu akuti kayendedwe kake kanali kokayikitsa. Amene anafuula kwambiri anali a Binwelo omwewo, akuti, "Ine ndinamusiyira dala mwanayo kuti aphunzire." Munthu amene anatsala pang'ono kundimenya chifukwa cha ng'ombe yomweyo. Choncho ukapeza mtsikana amene Uja wa Foni anamusankha n'kulephera, usafunse anthu a lero kuti ankamuona bwanji. A lero onse ndi a Binwelo. Ukafufuze zimene ankanena m'mawa wa tsiku losankhalo. Ngati onse ankamufuna, mlandu wa mkuluyo ndi waung'ono. Ngati onse ankamuthawa iye yekha n'kumukakamira, ukamufunse chimene anaona, ndipo ukamvetsere yankho lake mpaka amalize.

Ukaonenso kuti nthawi yake yosankha itafika m'khola munatsala zotani. Ine masiku ena ndinkafika pa msika mochedwa chifukwa cha mtsinje wodzadza, n'kupeza zabwino zapita. Ndinkatenga yabwinoko mwa zotsalazo. Pobwera nayo anthu ankaiyerekeza ndi ya esiteti ina imene inagulidwa ine ndisanawoloke. Zinkandiwawa, poti ng'ombe imeneyo sindinaikane, sindinaione n'komwe. Iwe unandiuza wekha kuti zaka zina timu yake inkasankha chakumapeto. Munthu usamuimbe mlandu wa mtsikana amene anatengedwa dzanja lake lisanafike. Umuyeze ndi amene anali akadali pa mzere, iye n'kuwadumpha.

Panalinso Pensulo. Ameneyu anali mfule wakuda, woonda, ndiye anyamata anamupatsa dzina limenelo. Ndinamugula chifukwa ndinaona kuti miyendo yake yakumbuyo inali yolimba ndipo sankadzidzimuka ndi phokoso. Ndinamumanga kumanja, pambali pa ng'ombe ina yaukali imene inkathamanga. Ngolo inkangokhotera kutchire. Ndinavutika naye mpaka ndinamusiya, n'kuuza anthu kuti apa ndalakwitsanso. Mkulu wina woyendetsa ngolo, a Thomasi, anati ndimubwereke. Anamumanga kumanzere, pambali pa ng'ombe yawo yokalamba yofatsa. Tiya, Pensulo anakoka fodya wa esiteti ija mpaka ine ndinachoka ndikumusiya akukoka. Ndiye uone apa: diso langa pa msika linaona bwino, manja anga pa goli ndi amene analakwa. Kwanuko wosankha ndi wina, kochi ndi wina. Iweyo za ku Amereka zitakanika, uli ku timu ija ya dziko lina la ku Ulaya kuno, unkalira pa foni kuti kochi akukuseweretsa malo osakhala ako, anthu n'kumati mtsikana wa ku England uja palibe chimene amatha. Ukakumbukire kulira kumeneko ukamawerenga za atsikana ena. Ukafunse kuti anamangidwa mbali iti, pambali pa ndani.

Zina ziwiri ndingozitchula mwachidule. Chaka china nthenda ya chigodola inalowa m'khola, n'kutenga ng'ombe zabwino ndi zoipa zomwe, osasankha. Wogula sangaone nkhupakupa ya chaka chamawa. Bondo lako litaduka mtsempha, kodi amene anakulemba ku timu ija ndiye analakwa? Koma ngati mtsikana ankatsimphina kale ndipo madokotala ananena, mkulu n'kutseka makutu, pamenepo ulembe, ndi mlandu wake. Chachiwiri, ukafunse kuti mawu omaliza anali a ndani. Ine ndinabwerapo ndi ng'ombe ya mawangamawanga yosathandiza chifukwa akazi a mwini esiteti anaikonda maonekedwe titakumana nawo pa msika. Itakanika ntchito, palibe anatchula dona. Anati Lufeyo. Eni ake akale a timuyo anapita, sangadziyankhire, komanso Uja wa Foni angawakankhire zonse poti kulibe. Usamukhulupirire msanga, usamukanenso msanga. Alipo anthu amene anali m'chipindamo tsiku limenelo. Ukawapeze.

Ndikubwerezanso: zonsezi zidzakhala ndi ntchito pokhapokha utayamba wanena za foni. Ukapanda kutero, ngakhale uyeze bwino chotani, zidzathera pa chigafa.

Tsono za nthawi, ufunse amayi ako. Iwo ali namwino wachitsikana pa chipatala cha mishoni, ine ndinkabweretsa nkhuni za kukhitchini pa ngolo. Atanena kwawo kuti asankha ine, amalume awo anati, "Sukulu yonseyi kuti ukathere kwa munthu wonunkha ndowe?" Mukanawafunsa chaka choyamba, amalumewo ankaoneka olondola, poti tinalibe ngakhale mpando wopatsa mlendo. Mukanawafunsa titafika kuno, amayi ako akugwira mashifiti ku chipatala ine ndikukuperekeza kusukulu, ndikuphika, kenako n'kukanyamula makatoni ku weyahausi, kosungira katundu kuja, mwina akanayankha zina. Tsiku lina ndinawafunsa amayi ako kuti, "Mayi, nanga pano mukuti bwanji, munasankha bwino?" Anati, "Bambo a Tiya, musandifulumizitse, ndikuonabe." Tili ndi imvi tonse. Ndiye atsikana amene mkuluyo wawasankha chaka chatha ndi chaka cha dzana chomwechi, usawaweruze ngati mbewu yokolola. Mabwana adzafuna uwauze kuti yabwino kapena yoipa. Pamene sipanaoneke, ulembe kuti sipanaoneke. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira. Ndipirire.

Ukukumbukira zimene tinachita kuno atakuimbira foni ija. Iwe unatiuza kuti, "Adadi, musauze anthu, sizinatsimikizike." Koma kwathu munthu wamkulu akakuitana yekha n'kunena kuti ndikukufuna, nkhani yatha, chotsala ndi kuthokoza. Ine ndinaimirira m'tchalitchi ku Leeds n'kulengeza kuti mwana wathu watengedwa. Amayi a chigwirizano anasoketsa zitenje zofanana. Abale a ku Middlesbrough anabwera pa basi ndi mandasi odzadza chidebe. Abusa anapemphera pemphero lothokoza, osati lopempha, lothokoza, dirafuti isanachitike. Tsiku litadutsa ife tinamva m'mawa kuti sunatengedwe, amayi ako atangobwera kuchokera ku ntchito, nsapato asanavule. Lamulungu lotsatira ndinalowa m'tchalitchi anthu akundipatsa moni wa pamaliro. A Nyirenda anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti, "Limbani mtima achimwene, Mulungu amapatsa, Mulungu amatenga." Ndinati, "Mwanayo ali moyo, a Nyirenda." Lero timaseka. Nthawi imeneyo sitinaseke, ndipo utabwera kudzapuma unakana kupita ku tchalitchi chilimwe chonse. Ndikufuna uone bwino apa, mwana wanga. Mtolo umene wasenza zaka zonsezi uli ndi nkhuni za anthu awiri. Zina ndi za Uja wa Foni, amene analankhula mopitirira n'kusowa ulemu wopepesa. Zina ndi za zitenje ndi mandasi, ndipo zimenezo iye sakuzidziwa n'komwe. Usakamulipiritse za ku Leeds.

Ndipo pali funso limene amayi ako anakufunsa kamodzi iwe n'kutuluka panja. Ndilifunsa ine, poti pa pepala sungatuluke. Mtsikana uja anamutenga m'malo mwako, zinamuthera bwanji? Ine ndikudziwa chifukwa mlongo wako anandionetsa pa foni. Anasewera zaka zambiri mu timu imeneyo, ndipo anthu akumeneko amamukonda. Sindikunena kuti ankakuposa. Kwa ine palibe anakuposa, ndinkakuona kuyambira uli kamtsikana kotalika kuposa anyamata onse mu holo ija yozizira ya ku Leeds, ine nditakhala pa benchi ndi jekete la ku ntchito. Koma ine ndine bambo ako, ndipo bambo satumidwa ku msika kukayeza mwana wake. Nkutheka kuti tsiku limenelo munthuyu anasankha bwino, cholakwa chake n'kukhala pakamwa pokha. Ngati zili choncho, za chaka chimenecho udzayenera kulemba ndi dzanja lako kuti apa anakhoza. Udzifunse lero, usanakwere ndege, ngati dzanja lako lingalembe mawu amenewo. Ngati silingathe, ntchito imeneyi si yako, ngakhale mabwana atakulola.

Usandimve molakwa. Sindikukutuma kukamuchitira chifundo. Ngati ukapeza kuti ndi a Zakeyo, kuti chaka ndi chaka ankadumpha atsikana abwino ali pamaso pake, kuti ankasankha ana a anzake, kuti sankamva za madokotala kapena za anthu amene ankawatuma kukaonerera masewero, ukanene mosapsatira, achoke. Kumbuyo kwake kuli atsikana amene akukoka ngolo yolemera chifukwa cha iye, ndipo iwonso ali ndi makolo. Kumusunga chifukwa choopa kuti anthu anena kuti wabwezera, nakonso ndi kulakwa komweko, kungoti kwavala malaya ena. Ine chimene ndikufuna ndi chakuti ukanena kuti woipa, mawu ako aime, osagwetsedwa ndi chipewa. Ukanena kuti wabwino, anthu adziwe kuti wanena ndi munthu amene anali ndi chifukwa chonenera zina.

Ndikudziwa chimene ukuopa, ndipo sindikuchichepetsa. Ntchito yako ya ku Leeds wasiya. Nyumba wabweza lero. Anzako anakuchitira kale phwando lotsanzikana. Ukakanena, mwina adzati zikomo, ntchito iyi tipatsa wina, iwe uchite ina. Mwina adzati ndiye sitikukufunanso, bwerera. Sindingakulonjeze kuti sizichitika, anthu amenewo sindikuwadziwa. Amayi ako dzulo anandiuza kuti, "Musamuumirize mwana, mukufuna abwerere manja ali m'khosi kachiwiri?" Ndinati, "Mayi, ndikufuna akabwerera abwerere ali ndi dzina." Iwo anati, "Ndiye mulembe bwino, musamulalatire." Ndayesetsa. Ngati pena ndalalata, ndi ukalamba.

Ntchito ya mtundu wakowu, mmene ndaimvera, katundu wake ndi mmodzi: kuti anthu akhulupirire diso lako. Wosewera akathyoka bondo amachira. Koma woyeza akangodziwika kamodzi kuti anabisa chala pa sikelo, matimu onse amamva, poti unanena wekha kuti anthu a mpira umenewu ndi ochepa ndipo amadziwana. Uli ndi zaka zambiri kutsogolo. Usazigulitse chifukwa chofuna kuona nkhope ya nkhalamba imodzi ikugwa. Ndinaionapo nkhope ya munthu wochotsedwa ntchito, ku weyahausi kuno, akutulutsa zinthu zake mu lokala, kakabati kake kosungiramo zovala. Palibe chokoma chimene ungaonepo. Ukanayang'ana kumbali ngati mmene tinachitira tonse.

Mawu ake si ambiri. Tsiku loyamba, akakulandira n'kukupatsa mpando, unene kuti: ndisanayambe, dziwani kuti ndili wosewera mkulu ameneyu anandilonjeza kuti anditenga ndipo sananditenge, zinandipweteka, ndipo ndikukhulupirira kuti ndingamuyeze mwachilungamo, koma chisankho ndi chanu. Ukatero utseke pakamwa. Usapepese, usalire, usaonjezere. Chizungu chake ukonza wekha. Ngati akulola kupitiriza, upemphe kuti chaka chako chija achiyezenso munthu wina pambali, kuti pasakhale ponena. Ndipo ukakumana naye mkuluyo m'khonde, umupatse moni ndiwe, monga tinakulerera. Akakhala kuti akufuna kunena za kale, umulole anene. Akapanda kunena, usamukumbe.

Zotsalazi ndi zazing'ono. Jekete lalikulu lija ulinyamule m'manja, usaliike m'chikwama, akuti kumeneko kumazizira kuposa kuno. Bondo ulipake mankhwala ukakhala nthawi yaitali mu ndege. Ukapeze tchalitchi, ngakhale cha anthu osawadziwa. Mlongo wako uzimuimbira, amadzionetsa ngati sizikumukhudza koma wakhala akufunsa za ulendo wako sabata yonse. Ine kuno sindinauze munthu aliyense ku tchalitchi za ntchito imeneyi, ndangoti wapita kukaona. Amayi ako akuti ndakula.

Kalatayi ndikupatsa mawa pa siteshoni, sitima ikamafika, kuti usakhale ndi nthawi yonditsutsa. Ukwiye nane mu ndege, mtunda ndi wautali, pofika ukhala utapsa mtima n'kuzizira. Akakubweza, pa siteshoni yomweyo udzandipeza nditaima, ndipo chikwama ndidzanyamula ine, anthu onse akuona.

Undiyankhe, Nambewe. Osati timauthenga tija ta pa foni ta mawu awiri ndi kankhope koseka. Ulembe pa pepala, m'Chichewa chako chophwanyikacho, ndidzachimva. Za nyumba, za chakudya ndi za kuzizira uike kumapeto. Mzere woyamba undiuze ngati wanena.

Ndine bambo ako,
Lufeyo Mbewe